Mpanda wa Amalole

"Ndiye mukufuna ndikawauze chiyani? Kuti mpanda wawo ukuchita thukuta?"

Atelala anafunsa osadzutsa mutu. Phazi linali pa chopondera cha makina, singano ikuthamanga pa ovololo yabuluu. Mkazi wawo, amene anthu onse ankangomuti Make Mapasa, anali chiimire pakhomo la chipinda chakuseri, m'manja muli beseni la madzi amene anasambitsira apongozi ake.

"Mukawauze zimene mwaona ndi maso anu."

"Ndaona khoma lonyowa. Mvula ikagwa makoma amanyowa, mayi. Ngakhale kuchipatala makoma amanyowa."

"Mvula inagwa dzana. Dzulo lonse linali dzuwa, zovala zinauma gwa. Nanga madzi akutuluka m'njerwa lerowa akuchokera kuti? Mng'alu uja sabata yatha ndinkalowetsamo chikhadabo, lero ndalowetsamo chala chonse."

"Zala zanuzo mukuzilowetseranji mumpanda wa eni?"

"Chifukwa bambo anu amagona pansi pake!"

Makina anaima. Atelala anavula magalasi n'kuloza mulu wa nsalu umene unali pampando.

"Mukuziona izi? Ndi za madalaivala a Amalole. Ndi zimene zikutidyetsa muno. Ndipite kumeneko dzanja ili maovololo, dzanja linali madandaulo?"

"Manja munapatsidwa awiri. Agwiritseni ntchito onse."

Nyumba yawo inali m'munsi mwa kamtunda. Inali ya pabalaza, pomwenso panali posokera, chipinda chimodzi chogona iwo ndi ana awo aakazi amapasa, ndi chipinda chakuseri mmene munkagona bambo a Atelala, omwe anafa ziwalo mbali imodzi ndipo pakamwa pawo pankangotuluka mawu amodziamodzi. Malo akumtunda anagula ndi mwini malole, amene anthu anam'patsa dzina loti Amalole. Chilimwe chapitacho anamanga mpanda wa njerwa wotalika kupitirira denga la Atelala. Atatha kumanga, anathira dothi mkati mwake, lole pambuyo pa lole, kuti bwalo lawo lisalale. Tsopano malolewo ankagona pamwamba pa dothilo, matayala atayandikira mpanda. Pakati pa mpandawo ndi chipinda cha nkhalamba panali kampata kongodutsa munthu cham'mbali.

Kuchipinda kunamveka kugogoda. Nkhalamba inkaitana pomenya kapu pakhoma ndi dzanja lamoyolo. Make Mapasa anatula beseni.

"Ndaitana achimwene," anatero akutembenuka. "Akaona iwo, mwina mumva. Poti mawu anga ndi a munthu wamkazi."

Mchimwene wakeyo anali mmisiri womanga nyumba. Nyengo yamvula ntchito inkasowa, ndiye anafika tsiku lomwelo masana, nsapato zili matope okhaokha. Atalonjera nkhalamba, analowa mukampata kaja, mlongo wake ndi mlamu wake akumutsatira. Anatola msomali pansi n'kukanda pakati pa njerwa. Matope omangira anayoyoka ngati shuga.

"Simenti anangoinunkhiza apa," anatero. "Thumba limodzi linakumana ndi mchenga wa mudzi wonse."

Kenako anakwera padenga la chipindacho, anamanga mwala kuchingwe, n'kuchigwira pamwamba penipeni pa mpanda. Mwala unatsika, unazungulirazungulira, n'kuima. Sunakhudze khoma. Pakati pa mwala ndi tsinde la mpanda panali mpata wokwana phazi la munthu wamkulu.

"Alamu, mukuona? Mutu wake wabwera kwa inu, miyendo yatsala kwawo. Ndipo taonani pakatipa, lachita mimba."

"Mwina analimanga choncho," anatero Atelala.

"Palibe mmisiri amamanga mimba, alamu, ngakhale woledzera." Anatsika n'kupukuta manja pathalauza. "Mverani. Mpanda ndi chinthu china, khoma logwira dothi ndi chinthu chinanso. Mpanda ntchito yake ndi kutchinga maso a anthu ndi mbuzi. Khoma logwira dothi limakhala lonenepa pansi, maziko ake akuya ndi otambalala, lili ndi zipilala za konkire ndi zitsulo mkati. Kuseri kwake sathirako dothi lokhalokha, amayamba athira miyala kuti madzi azitsika. Ndipo m'munsi amasiya mabowo, amalowetsamo timapaipi, kuti madziwo azituluka. Pano mukuonapo bowo ngakhale limodzi?"

Panalibe.

"Ndiye madzi onse a pabwalo lawo akumwedwa ndi dothi. Dothi likakhuta madzi limalemera, limafewa, limayamba kukankha. Pamwamba pake aikaponso malole. Khomali analilemba ntchito ya ulonda, koma akulisenzetsa phiri."

"Tikalichirikiza ndi mitengo?" anafunsa Make Mapasa.

"Mitengoyo itsamira pati? Pakhoma lanuli? Ndiye kuti mwalipatsa ndodo yoti likubooleni nayo."

"Nanga tikaboola tokha mabowowo?"

"Usayerekeze, mlongo wanga. Khoma lafika apa siligogodedwa. Ndiponso likadzagwa adzati wagwetsa ndiwe. Mankhwala ake ali kumtunda. Achotse malole, akumbe dothi lonse lili kuseriku, aligwetse bwinobwino, ayambirenso. Palibe chidule."

"Ligwa liti?"

"Ndikanadziwa tsiku bwenzi ndili mneneri, ndikudya bwino. Likhoza kutha mwezi, likhoza kugwa tikumwa tiyi. Koma agogowa atuluke m'chipindamo."

"Apite kuti?" Atelala anakweza mawu. "Pabalaza ndi pantchito panga. Makasitomala azivula malaya poyesa, bambo ali gone pamenepo?"

Mmisiri anakulunga chingwe chake n'kuchiika m'thumba.

Maovololo atatha, Atelala anawasita, anavala jekete, n'kukwera kumtunda. Anabwera dzuwa litapendeka, akumwetulira, atanyamula mpukutu wa nsalu ina.

"Munthu uja ndi womva," anatero. "Wandilandira pakhonde, wandipatsa chakumwa chozizira. Taonani, akufuna makatani a nyumba yonse."

"Za mpanda mwanena?"

"Ndanena."

"Mwati chiyani?"

"Ndati kunyumba akuda nkhawa pang'ono ndi kamng'alu."

"Kunyumba? Pang'ono? Kamng'alu?" Make Mapasa anaomba m'manja kamodzi. "Inu simukuda nkhawa? Amene amagona mmenemo anabala ine?"

"Iwe, munthu wamkulu sumufikira ngati ukuthamangitsa nkhuku. Waseka, wati mpanda umenewo anamanga ndi anthu odziwa, a magalimoto awo, osati amisiri a m'makwalala. Koma wati atumiza munthu adzakonze. Ukufunanso chiyani?"

Munthuyo anabweradi m'mawa mwake ndi ndowa ya pulasitala. Anamata mng'alu wonse, anasalaza, n'kupaka laimu. Mpanda unawala ngati wa kuofesi. Make Mapasa atamufunsa za mabowo ndi dothi, iye anati anatumidwa kudzamata basi.

Mvula inagwanso kawiri sabata imeneyo. Pulasitala watsopanoyo anang'ambika pamalo omwe aja, ndipo mng'alu wina unatulukira cham'munsi, woyenda mokhotakhota motsata njerwa. Lole ikalira kumtunda m'mawa, timchenga tinkagwera pamalata a chipinda cha nkhalamba, waa, waa, ndipo nkhalamba inkayang'ana kudenga, kenako n'kuyang'ana mpongozi wake. Make Mapasa anakokera bedi kukhoma lakutali. Chipindacho chinali chaching'ono, kusunthako kunali kongodzinamiza.

Tsiku lina Make Mapasa ataperekeza ana kusukulu sanabwerere kunyumba. Anakwera basi n'kupita kuofesi yoona zomangamanga, osauza mwamuna wake. Anakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Pomaliza anamulowetsa kwa mayi wina woyendera nyumba, wochepa thupi, wovala nsapato zachimuna, amene anamvetsera osamudula mawu.

"Galimoto ya ofesi inafa," anatero mayiyo. "Koma ndibwera, ngakhale wapansi."

Anabweradi patapita masiku angapo, atanyamula tepi yoyezera. Atelala atamuona pakhomo anayang'ana mkazi wawo, nkhope yonse itagwa. Woyendera uja analowa mukampata, anayang'ana mimba ya khoma, anagwira njerwa zonyowa. Anapita kumtunda, anakhalako kanthawi, n'kubwera akupukusa mutu.

"Amene anakuuzani sananame," anatero. "Ndipo pali china chimene simungachione muli pansi pano. Madzi onse a padenga la garaja yawo amatsikira pakona ya mpandawu. Palibe ngalande. Akulithirira ngati dimba. Kumata kuja n'kopanda ntchito, mng'alu ukabwerera pamalo omwewo ndiye kuti khoma likuyenda. Ndikalemba kuti ligwetsedwe."

Make Mapasa anafuna kugwada. Koma mayi uja anali asanathe. Anali atatambasula tepi kuchokera pampanda kufika pakhoma la chipinda, ndipo ankayang'ana nambala ija nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira.

"Chipinda ichi anamanga ndani?"

"Bambo anga," anayankha Atelala. "Kalekale, kuno kusanadzaze anthu. Kumtundaku kunali tchire."

"Pulani yake inavomerezedwa?"

"Pulani? Anaumba njerwa okha, anawotcha okha, anamanga okha. Pulani inali m'mutu mwawo."

Mayi uja anapinda tepi pang'onopang'ono.

"Lamulo limafuna mpata pakati pa nyumba ndi malire. Chipindachi chili pafupi kwambiri. Akumtunda andiuza kale zimenezi ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo ati aimbira akuluakulu anga. Ndikalemba za mpanda n'kusiya za chipinda, adzati mwandidyetsa kanthu, lipoti lonse lidzatayidwa. Ndiyenera kulemba zonse ziwiri."

"Koma chipinda sichigwera munthu," anatero Make Mapasa. "Chakhala zaka zonsezi. Mpanda ndi umene wachipeza."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndiye zonse ziwiri zikalembedwa, ayamba ndi chiti?"

Woyendera uja anayang'ana kumbali, kumene mapasa ankasewera ndi zidutswa za nsalu.

"Sindikunamizani. Ine ndimalemba, osankha ndi ena. Nkhani za anthu okhala ndi maloya zimayenda pang'onopang'ono. Za anthu ngati inu ndi ine zimathamanga. Chimene ndingakupempheni ndi chakuti agogowo asagonenso mmenemo, ndipo ana asamadutse mukampataka."

Woyendera uja atachoka, Atelala anakhala pamakina osawaponda. Posakhalitsa kunabwera wantchito wa kumtunda kudzatenga nsalu ya makatani, yosokedwa ndi yosasokedwa yomwe. Anati bwana apeza telala wina.

"Wakhuta tsopano?" Atelala anayankhula wantchitoyo atangotuluka. "Wapita kukaitana moto kuti udzaphe nsikidzi, taona watentha mphasa!"

"Ndinapita kukapulumutsa bambo anu."

"Wawapulumutsa? Chipinda chawo chikupita, ntchito yapita. Mpanda uli pomwepo, woyera mbee! Ndinakuuza kuti anthu awa sitilimbana nawo. Ine ndinabadwira pano, ndikudziwa mmene zinthu zimayendera."

"Mukudziwa kugwada basi."

"Kugwadako ndi kumene kwakulitsa ana akowa!"

"Ndiye tikanangokhala chete mpaka tidzawafukule ndi makasu?"

Atelala anatsegula pakamwa, koma kuchipinda kapu inayamba kugogoda khoma mwamphamvu, osalekeza. Nkhalamba inali itamva zonse. Onse awiri anayang'ana pansi ngati ana ogwidwa akuba shuga.

Sabata isanathe kunabwera anthu awiri a kuofesi ija, pagalimoto imene inkanenedwa kuti inafa. Anapaka chizindikiro chofiira pakhoma la chipinda, n'kunena kuti eni ake achigwetse okha mwezi usanathe, apo ayi kubwera chigalimoto chogumula, ndipo sichisankha khoma. Make Mapasa anawafunsa za mpanda.

"Imeneyo ikuunikidwa," anatero mmodzi. "Eni ake adandaula kuti lipoti linakokomeza."

"Nanga mayi anabwera kuno aja?"

"Anawasamutsira ku zoona misika."

Mmisiri atamva anabwera ndi nyundo ndi chitsulo chozulira misomali.

"Tigwetse tokha, alamu," anatero. "Tikatero tipulumutsa malata, mitengo ndi njerwa. Chigalimoto chikabwera mutola fumbi."

Ananyamula nkhalamba anthu awiri n'kuikhazika pampando panja, pamthunzi. Bedi silikanakwana pabalaza, ndiye analimasula n'kuyala matiresi pansi, pakati pa makina ndi khomo lolowera kuchipinda chija. Mmisiri anakwera padenga n'kuyamba kuzula misomali. Lata loyamba litatsika, nkhalamba inamenya mpando ndi dzanja.

"Ayi," inatero. "Ayi. Ayi."

"Bambo, si ife," Atelala anagwada pambali pawo. "Ndi lamulo."

"Anga," inatero nkhalamba, ikuloza njerwa. Malovu ankatsika mbali yakufayo. "Anga."

Make Mapasa anawapukuta pakamwa, nafuna kutembenuza mpando kuti asaone. Nkhalamba inagwira mwendo wa tebulo limene linali pafupi, osalola. Inaonerera mpaka madzulo, mzere ndi mzere.

Njerwazo zinali zolimba, zofiira bwino, zolira ngati mbale ukazigogoda. Mmisiri ankazichotsa imodziimodzi, Atelala akupala matope akale, Make Mapasa akusanja pamalo pomwe panali chipindacho, poti bwalo lina panalibe.

"Taonani ntchito iyi," anatero mmisiri atafika pansi. "Maziko a miyala, akuya mpaka m'chiuno. Pepala lotchinga chinyezi analiika. Makona onse olumana bwino. Chipinda ichi chikanakwirira tonsefe chili chiimire. Tikugwetsa chamoyo kuti chakufa chitsale."

Palibe anaseka. Khomo limene linkalowera kuchipindacho tsopano linkayang'ana panja, maso ndi maso ndi mpanda. Analitseka ndi malata awiri ndi thabwa lopingasa, podikira kuti apeze simenti.

Makasitomala anayamba kuchepa. Amayi obwera kudzayesa madiresi ankaima pakhomo, akaona nkhalamba ili gone pansi ankati abweranso, osabweranso. Atelala ankangosoka zigamba ndi mayunifolomu ong'ambika. Iwo ndi mkazi wawo ankayankhulana zofunika zokhazokha: madzi, makala, mankhwala a bambo.

Mvula yaikulu inayamba Lachitatu m'mawa, mapasa atapita kale kusukulu. Sinali yamphepo kapena ya mabingu, inkangotsika mowongoka, osapuma. Pofika masana madzi ankatuluka mumpanda ngati m'nsalu yofinyidwa, ofiira. Make Mapasa anasuzumira pampata wa malata n'kuona mng'alu utayasama, ukulavula matope.

"Tiwatulutse bambo," anatero. "Tipite nawo kwa aneba."

"Pamvula imeneyi? Chibayo chiwapha. Chipinda tinagwetsa, likagwa ligwera pabwalo."

Kumtunda lole inalira, ikubwerera m'mbuyo kuti iime pamalo pake. Makapu pashelefu ananjenjemera. Kenako kunamveka phokoso ngati munthu akung'amba chinsalu chachikulu, ndipo pansi panagwedezeka.

Njerwa zinagwera pabwalo monga ananenera Atelala. Koma kuseri kwa njerwazo kunali phiri lonse la dothi lokhuta madzi. Linatsika ngati phala, linakwirira njerwa zosanjidwa zija ndi malata, linakankha malata otseka khomo n'kuwapinda ngati pepala. Matope analowa pabalaza ofika m'mawondo, ozizira, onunkha mafuta a galimoto.

Make Mapasa anagwa, anadzuka, anafufuza ndi manja pamene panali matiresi. Anagwira phewa, kenako mutu. Anaukweza. Nkhope ya nkhalamba inali matope okhaokha, maso ali tong'o, pakamwa pakufuna mpweya. Thabwa lopingasa lija linali litawapanikiza miyendo.

"Thandizeni! Bambo a mapasa!"

Atatembenuka anaona mwamuna wake ali pakhomo lakumaso, atakumbatira mutu wa makina osokera pachifuwa ngati mwana. Manja anali atathamangira kumeneko okha. Anayang'anizana kanthawi kochepa kwambiri. Atelala anaponya makinawo panja pamvula, n'kudzigwetsa m'matope, akukumba ndi zala, akufuula, "Bambo! Bambo!"

Aneba anafika ndi makasu ndi mafosholo. Anatulutsa nkhalamba ikupuma, ikunjenjemera thupi lonse, mwendo wamoyo uja utathyoka. Kumtunda lole inali italendewera matayala akumbuyo m'malere, pamene panali mpanda.

Amalole anatsika okha, atafunda ambulera, nsapato zajombo zili kumapazi. Anali munthu wa mawu ofatsa. Anagwira Atelala paphewa.

"Pepani, aneba. Mvula ya chaka chino si yamasewera, yagwetsa zinthu m'madera ambiri. Tithokoze Mulungu kuti chipinda chija munachotsa. Mukuona mmene lamulo limapulumutsira anthu? Musavutike ndi mayendedwe, galimoto yanga iwatengere kuchipatala."

Anthu amene anali pamenepo anang'ung'udza movomereza. Mayi wina anati anthu olemera a mtima wotere ndi osowa. Make Mapasa anali atakhala pamwala, matope akuuma m'tsitsi. Anafuna kuyankhula, koma mawu onse amene anali nawo anali atawanena kale, kwa mwamuna wake, kwa womata, kuofesi, kwa opaka zofiira. Anangoyang'ana galimoto ikunyamuka.

Kuchipatala anati mwendo aumanga, koma matope analowa m'mapapo, ndipo pa msinkhu umenewo n'kungodikira. Atelala ankakhala komweko, akugona pakhonde la wodi. Make Mapasa anatsala akuchotsa matope m'nyumba ndi ndowa, mapasa akumuthandiza akaweruka. Khoma la chipinda chawo chogona linali litachita mng'alu pakona, pamene dothi linagunda. Makina anawatola, anawatsuka ndi mafuta, koma chogudubuza chake chinali chitapindika.

Make Mapasa anapitanso kuofesi. Anamuuza kuti popeza mpanda wagwa wokha, nkhani yoti ugwetsedwe yatha. Za kuonongeka kwa katundu, apite kukhoti ndi loya.

Mvula itadukiza, kumtunda kunabwera anthu kudzachotsa dothi. Zikhomo za malire zinali zitakokoloka. Kapitawo wa Amalole anakhoma zake, anakoka chingwe, ndipo chingwecho chinadutsa pakati penipeni pa malo pamene panali chipinda cha nkhalamba. Make Mapasa atatuluka kukatsutsa, kapitawo anati iye amatsata mapu a bwana, ngati ali ndi mapu ena awabweretse.

Madzulo ake Atelala anabwera kudzasintha zovala. Anali ataonda, ndevu zitamera. Anaima n'kuyang'ana chingwecho.

"Mwaona?" anatero mkazi wawo.

"Ndaona."

"Ndiye?"

"Amalole anabwera kuchipatala. Agula mankhwala amene kulibe kumeneko. Ati akonzetsa makina, ndipo makatani aja abweza. Ndavomera. Unene zimene ukufuna kunena."

Make Mapasa anawayang'ana. Anaona maso ofiira, ndi zala zimene zikhadabo zake zinathyoka pokumba. Anakawatenthetsera madzi osamba.

Omanga anayamba Lolemba. Make Mapasa ankayanika zofunda pamene anamva chifuwa chimene ankachidziwa. Pakati pa anthu amene ankayala njerwa m'ngalande ya maziko panali mchimwene wake, chipewa atachikokera kumaso. Anadikira mpaka kapitawo atakwera kumtunda, n'kupita kukaima pamphepete pa ngalandeyo. Inali yosafika n'komwe m'mawondo.

"Achimwene."

Mmisiri anapitiriza kuyala njerwa.

"Akazi anga ndi oyembekezera, atsala pang'ono kuchira, mlongo wanga. Kunyumba kulibe kanthu. Ndikanakana ine akanalemba wina. Ndinati bola ndikhalepo, mwina ndikonzako zina."

"Maziko ake ndi amenewa?"

"Ndinawauza kuti tikumbe mpaka tipeze polimba. Akuti nthawi."

"Zipilala?"

"Akuti ziwiri, m'makona. Zitsulo zadula."

"Miyala kuseri? Mabowo aja munkanena?"

Mmisiri anaika njerwa pansi. Anatapa matope omangira pang'ono, anawafinya m'manja, n'kutsegula. Anamwazika osagwirana.

"Mabowo akuti amalowetsa makoswe, ndiponso amanyansitsa khoma. Ndiyesa kusiya timipata m'munsi osamata, kapitawo akapanda kuona. Koma akubwera ndi pulasitala pambuyo panga." Anapukuta dzanja. "Akuti ulendo uno litalike kuposa lija, kuti malole asamaonekere kunja."

Make Mapasa anatembenuka kuyang'ana nyumba yake. Kuchokera pachingwe kufika pakhoma la chipinda chogona, pamene iye ndi mwamuna wake ndi mapasa ankagona, panali mpata woti munthu atatambasula manja akanakhudza uku ndi uku.

"Ili ndiye ligwa liti?"

"Chaka chino ayi. Mvula yatsala pang'ono kutha."

"Chaka chamawa?"

Kumtunda kapitawo anafuula kuti njerwa sizidziyala zokha. Mmisiri anawerama, anatola njerwa ina, anaipaka matope. Anayankhula osamuyang'ana, motsitsa mawu.

"Mvula ikadzayamba, ana azigona pabalaza. Inuyo muzigona mitu italoza kumsewu, ndipo chitseko musamakhome."